Wozolowera Vinyo Akakumana ndi Mowa wa Mapira ku Phalombe

Vinyo ndi mowa wa masese zimapangika m'njira imodzi. Tizamoyo tosaoneka ndi maso, totchedwa yisiti, timadya shuga n'kutulutsa zinthu ziwiri: mpweya umene umachita thovu, ndi ukali umene umaledzeretsa. Komabe munthu amene lilime lake linazolowera vinyo amadodoma akalandira chipanda cha masese koyamba. Vinyo ndi wosefeka bwino, kuwala kumadutsa m'tambula. Masese ndi okhuthala, otuwa kapena ofiirira, ndipo amasiya timagaga pamilomo. Vinyo amakhala phee, pamene masese amangophulika timathovu. Kusiyana kumeneku kumachititsa ambiri kuweruza msanga kuti chakumwa china n'chapamwamba, china n'chachabechabe. Chiweruzo chotere chimachokera ku chizolowezi, ndipo lilime lingathe kuphunzira chizolowezi chatsopano.

Anthu ozolowera vinyo sasowa m'boma la Phalombe. Alipo ana a m'derali amene anakhalitsa ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo amabwera kumudzi pa ukwati, pa maliro kapena pa tchuthi. Alipo ogwira ntchito za boma ndi za mabungwe amene anatumizidwa kuno kuchokera kwina. Aliponso alendo a kunja okwera Phiri la Mulanje. Vinyo amene ambiri mwa iwo amamudziwa ndi wa ku South Africa, dziko limene linayamba kufinya mphesa ku Cape m'chaka cha 1659. Ena amadziwa vinyo wa ku Portugal, amene amapezeka kwambiri ku Mozambique. Enanso analawa vinyo wa zipatso wa Linga, wopangidwa ku Lilongwe kuchokera ku zipatso monga jambula ndi gwafa. Onsewa akafika kumudzi amapeza kuti chakumwa cha pa mwambo ndi masese, mowa wa chimera umene Alhomwe amautcha otheka.

Wokonda vinyo weniweni amayamba wafunsa za dera limene mphesa zinalimidwa, chifukwa amadziwa kuti nthaka ndi nyengo zimalowa m'chakumwa. Funso lomwelo liyenera kufunsidwa pa mowa wa ku Phalombe. Bomali linadziimira palokha m'chaka cha 1998, litapatulidwa ku boma la Mulanje. Lili kumpoto kwa Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Pakati pa phiri lalikululi ndi phiri la Michesi pali mpata wa Fort Lister, pamene atsamunda a ku Britain anamanga linga m'chaka cha 1893 kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo. Kuchokera m'tsinde mwa mapiriwa, chigwa cha Phalombe chimayalika mpaka ku Nyanja ya Chilwa.

Phiri la Mulanje limagawa mvula mosafanana. Mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa imakhuthula mvula yambiri mbali ya ku Mulanje, ndipo n'chifukwa chake minda ya tiyi inakhazikika kumeneko. Mbali ya Phalombe imalandira mvula yocheperapo ndipo imatentha. Kumeneko alimi amadzala chimanga pamodzi ndi nandolo, chinangwa, mpendadzuwa ndi mapira, ndipo mpunga umalimidwa m'madambo a kufupi ndi nyanja. Mapira amapirira ng'amba kuposa chimanga. Mvula ikadula pakati, mapira amapinda masamba n'kudikira, ndipo ikabweranso amapitiriza kukula. Mbewu yopirira imeneyi, pamodzi ndi mawere, ndiyo imapereka chimera cha mowa wa kuno. Choncho otheka ali ndi kwawo, monga momwe vinyo wa ku Stellenbosch ku South Africa alili ndi kwawo.

Kusiyana kwakukulu pakati pa vinyo ndi mowa kuli pa shuga. Mphesa yakupsa imakhala ndi shuga kale m'madzi ake. Wopanga vinyo amafinya chipatsocho, yisiti n'kuyamba ntchito yake. Njere ya mapira kapena ya chimanga ilibe shuga wokwanira. Chakudya chake chinasungidwa ngati ufa woyera uja wa m'kati mwa njere, ndipo yisiti sangathe kuudya momwemo. Wofulula mowa ayenera kuyamba wasandutsa ufawo kukhala shuga. Ntchito ya wofulula ili ndi masitepe awiri pamene ya wopanga vinyo ili ndi sitepe imodzi, ndipo sitepe yoyambayo ndiyo imafuna luso lalikulu.

Chida cha ntchito imeneyi ndi chimera. Mayi wofulula amaviika mapira kapena mawere m'madzi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kenako amawatsanula, kuwayala pamalo a mthunzi n'kuwafunditsa ndi masaka kapena masamba a nthochi, akumawaza madzi kuti asaume. Pakapita masiku owerengeka, njere iliyonse imatulutsa kamuzu koyera, ndipo timizuto timalukanalukana mpaka mulu wonse kugwirana. Dzanja likalowa m'kati mwa muluwo limamva kutenthera, ndipo fungo lake limakhala lonunkhira motsekemera. Njere ikamamera imapanga timphamvu totchedwa ma enzyme, timene timaphwanya ufa kuti ukhale shuga wodyetsa mmera. Wofulula amadula ulendo wa mmerawo panjira. Amayanika njerezo padzuwa mpaka kuuma gwa, n'kukazisinja mumtondo kapena kukagayitsa kuchigayo. Timphamvu tija sitifa, timangogona mu ufa wa chimera kudikira madzi ofunda.

Kafululidwe kamasiyana khomo ndi khomo, koma mutu wake ndi umodzi. Amaphika phala la ufa wa chimanga mumgolo kapena mumbiya yaikulu, n'kulisiya kuti lizizireko. Apa mpamene luso limaonekera. Phala likakhala lotentha kwambiri, mphamvu ya chimera imafa. Likazizira kwambiri, chimera chimagwira ntchito mwaulesi. Wofulula wozolowera amayesa ndi chala kapena kuseri kwa dzanja, ndipo akaona kuti lafika, amawaza chimera n'kutakasa ndi mthiko wautali. Posapita nthawi, phala limene linali lolimba limasungunuka n'kukhala lamadzimadzi ndi lotsekemera. Likagona, mabakiteriya a mtundu wabwino amayamba kuliwawasa. Ndi mtundu womwe uja umene umasandutsa mkaka kukhala chambiko.

Kenako phala lowawasalo limabwerera pamoto n'kuwira kwa maola angapo. Likazizira, amathiranso chimera china n'kulitsanulira m'mbiya zofululira. Mbiya yakale imakondedwa kuposa yatsopano, chifukwa m'timing'alu take mumatsalira yisiti wa mowa wapitawo, ndipo ndi amene amadzutsa mowa watsopano. Usiku mbiya imayamba kulira chapansipansi, thovu likukwera n'kumaphulika pamwamba. Mkokomo ukayamba kuchepa, wofulula amalawa. Akati “sunapse,” anthu amadikira. Akati “wapsa,” mowa umasefedwa kuti gaga wokhakhala atsale, ndipo uthenga umamveka m'mudzi. Ntchito yonse, kupatula yokonza chimera, imatenga masiku angapo, kawirikawiri osapitirira sabata.

Zimene zimachitika m'mbiyamo asayansi anazifotokoza mochedwa. Louis Pasteur wa ku France anasindikiza kafukufuku wake wa vinyo m'chaka cha 1866, ndi wa mowa m'chaka cha 1876, ndipo anasonyeza kuti zakumwa zonse ziwiri zimapsa ndi kuwonongeka chifukwa cha tizamoyo. M'chaka cha 1883, Emil Christian Hansen, amene ankagwira ntchito pa malo a kafukufuku a Carlsberg ku Copenhagen, anapatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuukulitsa pawokha. Kuyambira pamenepo mowa wa m'fakitale unayamba kukoma chimodzimodzi botolo ndi botolo. Mowa wa kumudzi sunatsate njira imeneyo. M'mbiya mumakhala mitundu ingapo ya yisiti ndi mabakiteriya ikugwira ntchito limodzi, ndipo n'chifukwa chake mowa wa khomo lina sufanana ndi wa khomo lina. Wokonda vinyo, amene amasangalala kusiyanitsa vinyo wa munda uwu ndi wa munda uwo, ali ndi poyambira pabwino.

Chinthu choyamba chimene lilime lake limazindikira ndi kuwawasa. Vinyo aliyense wabwino amakhala ndi kuwawasa kwake, ndipo popanda iko amakhala wozizira m'kamwa. Kuwawasa kwa vinyo ndi kwa chipatso, kwakuthwa. Kuwawasa kwa masese ndi kofewa, kwa mtundu wa chambiko, ndipo kumabwera pamodzi ndi kukoma kwa njere yophika. Kuwawasaku kuli ndi ntchito: kumalepheretsa tizilombo tambiri toyambitsa matenda kuswana m'mowa. Pali kuwawasa kwina kumene kumasonyeza kuti mowa wapitirira. Mowa ukakhalitsa pamphepo, mabakiteriya ena amasandutsa ukali wake kukhala viniga, ndipo fungo limalasa m'mphuno. Pamenepo anthu amati mowa wasasa. Vinyo wotsegulidwa n'kusiyidwa amawonongeka m'njira yomweyo, kotero wozolowera vinyo sachedwa kuzindikira vutoli.

Chachiwiri ndi kuuma kwa m'kamwa. Womwa vinyo wofiira amadziwa mmene nkhama ndi lilime zimakhwinyatira pang'ono akameza, ngati munthu waluma nthochi yosapsa. Chimene chimachititsa zimenezi ndi tannin, amene amapezeka m'makoko ndi m'njere za mphesa. Tannin amapezekanso mu tiyi wa ku Mulanje akaviikidwa nthawi yaitali, ndiponso m'khungu la mitundu ina ya mapira ofiirira. Mitundu imeneyi mbalame siziikonda kwenikweni, ndipo alimi amaidziwa pa chifukwa chimenechi. Mowa wa chimera cha mapira otere umakhala wofiirira ndipo umagwira m'kamwa. Wa chimera cha mawere kapena cha chimanga umamveka mosiyana. Wolawa watcheru amatha kufunsa kuti chimera chinali cha mbewu yanji, monga amafunsira mtundu wa mphesa.

Chachitatu, chimene chimavuta kwambiri, ndi kukhuthala. Vinyo samafuna kutafuna kapena kumeza mwamphamvu. Masese ali pakati pa chakumwa ndi chakudya. Muli ufa wosasungunuka, muli yisiti wamoyo, mulinso mavitamini a gulu la B. N'chifukwa chake anthu olima pa dima ankatha kugwira ntchito tsiku lonse atamwa mowa umenewu. Wophunzira akauyesa ndi muyeso wa vinyo amauona ngati wosasefa bwino. Akaulandira monga chakumwa chokhutitsa, kukhuthalako kumasanduka mbali ya kukoma kwake. Chipanda chimayenera kugwedezedwa mozunguza asanamwe, kuti zapansi zisakanikirane ndi zapamwamba. Kumwa koyamba kumangodziwitsa lilime. Kukoma kwenikweni kumayamba kumveka pa kachiwiri ndi kachitatu, kuwawasa kukakhazikika ndipo kutsekemera kwa chimera kukatulukira pambuyo.

Njira yabwino yophunzirira ndi kuyamba ndi thobwa. Thobwa limapangidwa ndi zinthu zomwezo, phala ndi chimera, koma limamwedwa lisanapse, likadali lotsekemera. Ana ndi akulu amamwa, ndipo limapezeka m'misika ya ku Migowi, ku Chiringa ndi pa boma, kawirikawiri m'mabotolo apulasitiki. Thobwa limaphunzitsa lilime fungo la chimera ndi kukhuthala kwa njere popanda ukali. Amene walizolowera amazindikira fungo lomwelo m'masese, ndipo sachitanso chilendo. Thobwa likagona masiku angapo limayamba kuwawasa ndi kuluma palilime, ndipo pamenepo limakhala layamba ulendo wosanduka mowa. Kulawa thobwa lomwelo tsiku loyamba, lachiwiri ndi lachitatu ndi phunziro lokwanira la mmene nthawi imasinthira chakumwa cha njere.

Nkhani ya nthawi imasiyanitsa kwambiri zakumwa ziwirizi. Vinyo wina amasungidwa zaka m'botolo n'kumakomerakomera, ndipo chaka chimene mphesa zinathyoledwa chimalembedwa pachikuto. Masese sasungika. Amakhalabe amoyo mpaka pamene akumwedwa, ndipo moyo wake umawerengedwa m'masiku. Ongopsa kumene amakhala otsekemera, a thovu lambiri ndi ofatsa. Tsiku lotsatira shuga amakhala wachepa, ukali wakwera, kuwawasa kwakula. Pakapita masiku ena ochepa amasasa. Funso loyenera kwa wofulula ndi lakuti, “Amayi, mowawu wagona masiku angati?” Wongoyamba kumene amapeza bwino pa mowa wa tsiku loyamba. Ozolowera ambiri amakonda wogona, umene wataya kutsekemera. Nyengo nayo ili ndi mbali yake: m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mowa umapsa msanga ndi kusasa msanga, pamene mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikamawomba, umachedwa.

Pakati pa mowa wa kumudzi ndi wa m'botolo pali Chibuku. Mowa umenewu unayambitsidwa ndi Max Heinrich m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, potengera kafululidwe ka makolo n'kukalowetsa m'fakitale. Lero umamwedwa m'Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Botswana ndi m'maiko ena. Wa m'paketi ya lita imodzi umapitiriza kuwira uli m'paketimo, ndipo womwa amayamba waukhutchumula kuti masese asakanikirane. Kwa wophunzira, ubwino wa Chibuku ndi wakuti kukoma kwake sikusinthasintha kwambiri, choncho n'kosavuta kuyerekezera ndi mowa wa pakhomo. Amene walawa zonse ziwiri amazindikira zimene fakitale singapereke, monga kafungo ka utsi wa nkhuni ndi dzanja la wofulula wake.

Mowa wa m'botolo uli ndi mbiri yake m'dziko muno. Kampani ya Carlsberg, imene J. C. Jacobsen anaiyambitsa ku Denmark m'chaka cha 1847, inatsegula fakitale ku Blantyre m'chaka cha 1968. Inali fakitale yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Denmark. M'chaka cha 2016 bizinesiyo inagulidwa ndi kampani ya Castel ya ku France, imene kwawo imadziwikanso ndi malonda a vinyo. Mayina monga Green, Special Brew, Stout ndi Kuche Kuche amadziwika m'mabala a m'dziko lonse, kuphatikizapo a ku Phalombe. Mowa umenewu umapangidwa ndi chimera cha balere, umasefedwa mpaka kuonekera, ndipo umatenthetsedwa kuti tizamoyo tife, ukhalitse. M'maonekedwe uli pafupi ndi vinyo, koma uli ndi chinthu chimodzi chimene wokonda vinyo sanachizolowere.

Chinthucho ndi kuwawa. Kumachokera ku maluwa a chomera choyanga chotchedwa hops, chimene chimalimidwa m'maiko ozizira monga Germany, Czech Republic ndi United States. Maluwawa amathiridwa m'mowa ukuwira, ndipo amapereka kuwawa, fungo ndi chitetezo kuti mowa usawonongeke msanga. Lamulo la ku Bavaria la m'chaka cha 1516 linalamula kuti mowa uzipangidwa ndi madzi, balere ndi hops basi. Munthu amabadwa wosakonda zowawa, koma amaziphunzira, monga amaphunzirira tiyi wopanda shuga kapena khofi. Wozolowera vinyo amapeza msanga njira pa mowa wakuda wa Stout, chifukwa chimera chake chimakazingidwa mpaka kuda, ndipo kukoma kwake kumalemera n'kukhalitsa m'kamwa monga vinyo wofiira. Mowa woyera umakoma uli wozizira, koma ukazizira mopitirira fungo lake limabisika. Kuuthira m'tambula yoyera bwino, m'malo momwera pabotolo, kumalola mphuno kugwira ntchito yake, pakuti mbali yaikulu ya kukoma imadzera m'mphuno.

Ku Ulaya kulinso mowa wowawasa umene okonda vinyo amaulemekeza. Ku Belgium, kufupi ndi mzinda wa Brussels, kuli mowa wotchedwa lambic. Ofulula ake sathiramo yisiti wogula. Amasiya madzi a chimera usiku wonse m'chiwiya chotseguka kuti tizamoyo ta mumpweya tilowemo, kenako amausunga m'migolo yamatabwa. Mowawo umatuluka wowawasa, ndipo umagulitsidwa pamtengo wokwera m'mabotolo ofanana ndi a vinyo. Maziko a luso lake, kusiya yisiti ndi mabakiteriya achilengedwe kugwira ntchito limodzi, ndi omwe aja amayi a ku Phalombe amagwiritsa ntchito m'mbiya zawo. Abale a masese aliponso m'maiko ambiri a mu Africa: umqombothi ku South Africa, dolo ku Burkina Faso, ndi burukutu ku Nigeria.

Kuphunzira mowa wa kumudzi sikuthera palilime. Vinyo amathiridwa m'tambula ya munthu mmodzi, ndipo aliyense amamwa yake. Masese pa mwambo amayenda m'chipanda chimodzi kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Mwini mowa amayamba walawa pamaso pa onse, kusonyeza kuti m'mowamo mulibe choipa. Akulu amalandira poyamba. Chipanda chimalandiridwa ndi manja awiri, munthu atakhala pansi, ndipo womwa amamwa pang'ono n'kupatsira mnzake. Kuchedwa nacho chipanda, kapena kuchikhuthula chonse, kumaoneka ngati umbombo. Mlendo amene sakumwa sakakamizidwa. Amathokoza mwaulemu n'kupereka kwa wotsatira. Amene sakudziwa mwambo wa pakhomopo amachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Mowa umenewu uli ndi malo ake m'moyo wa Alhomwe, amene ambiri mwa makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 n'kudzakhazikika ku Phalombe, ku Mulanje, ku Thyolo ndi m'maboma oyandikana nawo. Umafululidwa pa maukwati, pa chinamwali, pa kukumbukira omwalira ndi pa kuthokoza zokolola. Pothira nsembe kwa mizimu ya makolo, ufa ndi mowa zimatsanuliridwa pansi. Phiri la Mulanje lenilenilo limalemekezedwa monga malo okhala mizimu, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Gule wa tchopa, amene bungwe lomwelo linamuzindikira m'chaka cha 2014, amavinidwa pa zikondwerero za zokolola ndi pa nsembe. Pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, umene umachitika mwezi wa Okutobala pa Chonde m'boma la Mulanje, otheka amaonetsedwa pamodzi ndi zakudya ndi magule a mtunduwu. Vinyo nayenso ali ndi malo opatulika m'mapemphero a Akhristu, choncho wozolowera vinyo sayenera kudabwa kuti chakumwa chingakhale ndi ulemu woposa kukoma kwake.

Luso lina la okonda vinyo ndi kudziwa chakudya choyenerana ndi chakumwa. Luso limeneli limagwiranso ntchito pa mowa. Kuwawasa kwa masese kumatsuka mafuta m'kamwa, choncho kumayenda bwino ndi nyama yowotcha ya mbuzi kapena ya nkhumba. Matemba ouma a ku Chilwa, okazinga ndi mchere ndi tsabola, amadzutsa kutsekemera kwa chimera. Nandolo, kalongonda ndi makaka, zakudya zodziwika za Alhomwe, n'zolemera kale m'mimba, ndipo zikaphatikizidwa ndi masese munthu amakhuta msanga; mowa woyera wa m'botolo, ndi kuwawa kwake ndi thovu lake, umapepukitsa chakudya chotere. Mtedza wokazinga umayenerana ndi mowa wa mtundu uliwonse. Kumwa m'mimba muli chakudya kumachedwetsanso ukali kulowa m'magazi.

Muyeso ndi phunziro limene silingadumphidwe. Vinyo wambiri amakhala ndi ukali wa pakati pa 11 ndi 14 peresenti. Mowa woyera wa m'botolo umakhala cha m'ma 4 kapena 5 peresenti, ndipo masese amakhala cha m'ma 3 kapena 4, ngakhale kuti amakwera akamagona. Manambala amenewa amanyenga. Vinyo amamwedwa pang'onopang'ono m'tambula yaing'ono, pamene masese amamwedwa m'malita. Lita imodzi ya mowa wa 3.5 peresenti ili ndi ukali pafupifupi wofanana ndi matambula awiri a vinyo wa 12 peresenti, tambula iliyonse ya mamililita 150. Pa chipanda choyenda mozungulira, munthu sawerenga n'komwe kuti wamwa zochuluka bwanji. Wozolowera vinyo ayenera kubweretsa pa bwalo la mowa khalidwe lake labwino lomwa modekha, kununkhiza, kulawa ndi kupumira.

Kachasu ndi nkhani ina. Sali m'gulu la vinyo kapena la masese, chifukwa amatchezedwa. Zosakaniza zofufuma, monga madeya ndi shuga, zimatenthetsedwa, ndipo nthunzi yake imadutsa mumpope n'kudontha ngati madzi oyera. Ukali wake umaposa wa vinyo kangapo, ndipo palibe chikuto chonena muyeso wake. Anthu ena osakhulupirika amathiramo zinthu zoopsa kuti akhale waukali kwambiri. Mowa waukali wotsika mtengo wawononga achinyamata ambiri, ndipo n'chifukwa chake boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015. Amene akuphunzira kukoma kwa mowa wa chimera alibe chifukwa chodzera njira imeneyi. Ngakhale masese enieni amawonongeka wogulitsa akawonjezera shuga wambiri ndi yisiti wa buledi pofuna kuti apse msanga, pakuti ukali umakwera, kukoma kwa njere n'kutayika.

Ukhondo wa zipangizo ndi mbali ina ya ubwino wa mowa. Chimanga kapena mapira zikasungidwa pachinyezi zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Poizoni ameneyu safa ndi kuphika wamba, ndipo ofufuza a m'Malawi anamupezapo m'chimera ndi m'mowa wa masese. Chizolowezi chosankha njere zabwino kukadya, zowola n'kuzisiyira mowa, n'choopsa. Wofulula wabwino amasankha njere zouma ndi zoyera, amayanika chimera pamphasa osati padothi, amatunga madzi pamjigo kapena pachitsime chotetezedwa, ndipo safululira m'migolo imene munali mankhwala kapena mafuta. Chimera chonunkha nkhungu chimapereka mowa wonunkha nkhungu, ndipo mphuno yozolowera kuzindikira vinyo wowonongeka imathandiza pamenepa. M'nyengo ya kolera kapena ya chifuwa, kumwera aliyense m'kapu yake ndi nzeru, ndipo mwambo sutha chifukwa cha zimenezo.

Palinso anthu amene phunziroli si lawo. Malamulo a dziko salola kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18. Mayi woyembekezera sayenera kumwa mowa wa mtundu uliwonse, chifukwa ukali umafika kwa mwana wosabadwayo. Odwala chiwindi, omwa mankhwala ena a kuchipatala, ndi amene anasiya mowa chifukwa unkawalamulira, ayenera kutalikirana nawo. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza samwa asanayende. Wokwera phiri kudzera ku Fort Lister amafunika kukhala ndi miyendo yolimba ndi mutu woganiza bwino, pakuti nkhungu imatsika mwadzidzidzi ndipo miyala imaterera. Anthu ambiri a m'mipingo ina ndi Asilamu samwa konse, ndipo kwa iwo thobwa latsopano limapereka kukoma kwa chimera popanda kuledzera.

Wokonda vinyo amene wadutsa m'masitepe amenewa sataya chimene anali nacho. Mafunso amene ankafunsa pa vinyo, okhudza nthaka, mbewu, nyengo, nthawi ndi dzanja la wopanga, ndi omwewo amene amatsegula mowa wa mapira. Chimene amawonjezera ndi miyeso yatsopano: kukhuthala kumene kumakhutitsa, kuwawasa kofewa, kuwawa kwa hops, ndi moyo waufupi wa chakumwa chimene chiyenera kumwedwa pa tsiku lake. Amaphunziranso kulemekeza ofulula. Ambiri mwa iwo ndi amayi amene analandira lusoli kwa amayi awo ndi agogo awo, ndipo ndalama za mowa ndi thobwa zimawagulira sopo, feteleza ndi makope a ana. Luso lawo silinalembedwe m'mabuku, ndipo limapitirira pokhapokha ngati mapira ndi mawere zikulimidwabe, achinyamata akuphunzira kukonza chimera, ndipo omwa akudziwa kusiyanitsa mowa wofululidwa mosamala ndi wongothamangitsa.